Masika akakupezani kutali ndi Bvumbwe

Kupukwa kuli ndi nyengo yake. Ine kumandigwira Malichi akamapita kumapeto, ndikadutsa pamene amayi ena akuwotcha chimanga pafupi ndi pokwerera maminibasi kuno ku Johannesburg. Fungo lija likangondilowa m'mphuno, miyendo imayendabe ku Joni koma mtima umakhala utafika kale pa Bvumbwe. Ndimaona milu ya maungu, mapeyala, kabichi ndi tomato pamsika, anyamata akuitanira za ku Limbe, minda ya tiyi ili biriwiri m'mbali mwa msewu wa ku Thyolo. Kunyumba amayi atereka mphika waukulu wa mondokwa, pamwamba asanjikapo zibenthu za dzungu kuti zipse ndi nthunzi, ndipo aliyense wodutsa pakhomo akuuzidwa kuti, “Tabwerani mudzalawe zatsopano.”

Zaka zoyamba ndinkangopirira. Ndinkagula chimanga chimodzi n'kudya nditaimirira pamsewu, koma ndikafika kunyumba mtima uli wolemera kuposa poyamba. Pang'onopang'ono ndinazindikira kuti chimene ndinkasowa si chimanga chokha. Masika a kwathu ndi ntchito ya manja ndiponso ndi anthu: kuthyola, kusadzula, kufutsa, kugawira anansi. Zimenezi zimatheka ngakhale m'chipinda chimodzi cha lendi, koma zimafuna kukonzekera miyezi ingapo zisanafike. Nazi zimene ndaphunzira, zina mwa ine ndekha, zina kwa achemwali anga amene ali ku England.

Dziwani kaye kuti masika anu agwa liti

Amene tili ku South Africa tili ndi mwayi, chifukwa nyengo zathu zimayendera limodzi ndi za kumudzi. Chimanga chachiwisi chimapezeka m'misewu kuyambira chakumapeto kwa chaka mpaka cha m'ma Epulo, maungu ndi mbatata n'zosasowa. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Johannesburg chisanu cha Meyi ndi Juni chimawaula masamba usiku umodzi wokha, chinthu chimene chiperoni cha kwathu sichichita. Ku Cape Town nako mvula imagwa m'miyezi yozizira, nthawi imene ife tinazolowera kuyanika zinthu padzuwa.

Amene ali ku England, Scotland kapena Ireland zawo ndi zotembenuka. Pamene ku Bvumbwe akudya mondokwa mu Malichi ndi Epulo, kumeneko mitengo ikungoyamba kumene kuphukira. Zokolola za kumeneko zimabwera mu Ogasiti, Seputembala ndi Okutobala. Achemwali anga ankavutika kufunafuna chimanga chachiwisi mu Epulo, n'kumagula chodula, chokutidwa m'pulasitiki, chopanda kukoma. Tsopano amachita masika awiri: a Epulo ndi a pafoni, kutsatira zokolola za kumudzi, pamene a Seputembala ndi a mumphika. Chenjezo limodzi kwa inu a kumeneko: maungu akuluakulu achikasu amene amadzaza m'masitolo mu Okutobala amalimidwira kusema nkhope pa Halloween. Ndi amadzimadzi, sakhuta. Gulani butternut, kapena maungu a khungu lotuwa ngati Crown Prince, amene amakhala aufa ngati a kwathu.

Dzalani dzungu, ngakhale mu ndowa

Mukandifunsa chinthu chimodzi chokha choti muchite, ndi ichi. Nkhwani ndiye ndiwo yovuta kuipeza kunja, koma ndiyenso yosavuta kulima. Simufunika munda. Tengani ndowa ya malita 20, iboleni pansi mabowo asanu kapena asanu ndi limodzi, ikani timiyala pang'ono, kenako dothi losakaniza ndi manyowa. Dzalani nthanga zitatu, zikamera muzule imodzi yofooka. Ikani ndowayo pamene dzuwa limawomba theka la tsiku, ndipo muzithirira dothi likangoyamba kuuma pamwamba, chifukwa ndowa imauma msanga kuposa nthaka. Nthanga mungazitenge m'dzungu lomwe mwagula kusitolo, kuzitsuka n'kuziyanika. Mwina zipatso zake sizidzafanana ndi mayi wake, koma ife tikufuna masamba.

Ku Johannesburg dzalani kuyambira kumapeto kwa Seputembala mpaka Novembala, chisanu chitatheratu. Ku England fesani m'timakapu pawindo mu Epulo, n'kutulutsa panja kumapeto kwa Meyi kapena kuchiyambi kwa Juni. Pakatha milungu isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu mudzayamba kuthyola. Thyolani monga ankachitira anganga: nsonga ndi masamba awiri atatu anthete, osakhadzula mtengo wonse, ndipo musiye nthambi imodzi kuti iyange. Maluwa amene alibe kadzungu kumunsi kwake thyolaniko ena muponye mumphika womwewo, amakometsa ndiwo.

Mu ndowa ina fesani khobwe kuti mupeze chitambe, kapena nyemba kuti mupeze khwanya. Mbatata imodzi yogula mukaiika theka m'madzi m'botolo imatulutsa mphukira, ndipo mukaziwokera mumapeza kholowa. Bonongwe amamera yekha m'malo ambiri kuno ku Joni, ndipo anzathu akuno amadya, amamutcha morogo kapena imifino. Koma musathyole wa m'mbali mwa msewu waukulu kapena pafupi ndi ngalande za zonyansa.

Chimanga n'chovutirapo. Ngati muli ndi kamalo kuseri kwa nyumba ndipo eni nyumba alola, musadzale mzere umodzi wautali. Dzalani mizere inayi kapena isanu yaifupi moyandikana, kuti mphepo igwetsere mungu wa ku ngaiyaye pa ndevu za chimanga chinzake. Mzere umodzi umabereka zitsononkho zamagweru. Ku England makhonsolo amabwereketsa timinda totchedwa allotment pa mtengo wochepa pachaka, koma mndandanda wa odikira umakhala wautali, choncho lembetsani lero ngakhale musanatsimikize. Chimanga choyera cha kwathu chimavuta kukhwima kumeneko chifukwa nyengo yotentha ndi yaifupi, ngakhale mlimi wina wochokera ku Zimbabwe, David Mwanaka, anatchuka chifukwa cholima chimanga choyera pafupi ndi London n'kumagulitsa kwa anthu a kwathu okhala kumeneko. Wongoyamba kumene ayambe ndi nkhwani.

Futsani pamene zachuluka

Amayi anga sankalola kuti Epulo adutse mphasa ilibe mfutso. Ankati ndiwo za Okutobala zimakonzedwa lero. Kunja kuno lamulo lake ndi lomwelo. Sadzulani nkhwani, tsukani, duladulani, ndipo muuviike m'madzi owira a mchere pang'ono kwa mphindi ziwiri kapena zitatu basi. Mukapitiriza umasanduka phala. Tsanulani, finyani, yalani mopyapyala pa nsalu yoyera kapena pa lichero ngati munabwera nalo. Mphepo ya ku Johannesburg ndi youma, masiku awiri kapena atatu amakwana. Kuyanika pamthunzi podutsa mphepo kumasunga mtundu wobiriwira kuposa padzuwa lamphamvu. Mfutso wauma ngati ukufumbutuka m'manja. Chikwatu cha masamba sitingachipeze kuno, choncho sungani m'botolo louma lotseka bwino, pamalo pamdima.

Kumene dzuwa ndi losadalirika, gwiritsani ntchito uvuni pa moto wochepetsetsa, madigiri 50 mpaka 60, chitseko chili chotsegula pang'ono, n'kumatembenuza. Kapena musavutike n'kuyanika: mukauviika m'madzi owira, uziziritseni m'madzi ozizira, finyani, umbani timibulu tokwana mphika umodzi umodzi, n'kusunga mufiriji youmitsa. Kunena zoona, fungo la mfutso weniweni wa padzuwa simulipeza, koma ndiwo mudya.

Nsinjiro musagule. Kazingani pang'ono mtedza wosathira mchere, kapena ingouumitsani, n'kuupera m'makina operera pang'onopang'ono, kuyatsa n'kuzimitsa. Mukaupera nthawi yaitali osapumira umatuluka mafuta n'kusanduka chiponde. Sefani, zotsala mubwezerenso.

Ufa, chigumu ndi thobwa

Ufa wa m'masitolo akuno, monga Iwisa, Ace ndi White Star, umaphika nsima yabwinobwino, ndipo m'masitolo a zakudya za ku Africa ku England umapezekanso. Chimene umasowa ndi kafungo kowawasa pang'ono ka ufa woyera wa mphale yoviika. Mukakafuna, gulani chimanga chokonola chimene kuno amati samp, chiviikeni m'madzi masiku atatu, tsukani bwino, yanikani mpaka chiume, n'kupera pang'onopang'ono m'makina amphamvu. Ndi ntchito, ndipo ine ndimachita kamodzi pachaka, pa Pasaka, ufa wongokwana nsima ya tsiku limenelo. Koma nsima imeneyo alendo amaidya ali chete.

Chigumu ndi chosavuta. Makapu atatu a mgaiwa kapena ufa wokhakhala, nthochi zinayi zakupsa kwambiri zofinyafinya, supuni yaing'ono imodzi ya soda, mchere pang'ono, shuga supuni zazikulu ziwiri, mafuta supuni zitatu, ndi mkaka kapena madzi mpaka zikhale ngati phala lolimba. Thirani m'chiwaya chopaka mafuta, ikani mu uvuni wa madigiri 180 kwa mphindi 40 kapena 45. Bayani ndi mpeni pakati, ukatuluka wouma chapsa. Kwathu pa masika amayi ankasinja mondokwa mumtondo n'kusakaniza ndi ufawo. Inu perani maso a zimanga zaziwisi ziwiri m'makina, muchepetse madzi. Ngati chimangacho ndi chachikasu chotsekemera chija, shuga musathire n'komwe.

Thobwa ndi limene ndimaona anthu akulephera kwambiri, ndipo cholakwika chimakhala chimodzi: kuthira chimera m'phala lotentha. Phikani phala la mgaiwa, makapu atatu m'malita asanu a madzi, lipse bwino. Liphuleni lizizire mpaka mutha kuikamo chala n'kuchisiya osapsa. Pamenepo thirani makapu awiri a chimera n'kutakasa. Muona phala lija likusungunuka n'kukhala lamadzimadzi, ndiye kuti chimera chagwira. Vundikirani kwa maola angapo, kenako liwiritseninso bwinobwino, lizizire, ligone usiku umodzi. Mawa lake lawani, thirani shuga ngati pakufunika. Likafika pamene mukulifuna liikeni mufiriji, chifukwa likakhalitsa panja limasasa n'kuyamba ukali. Musatseke botolo mothina, limatupa.

Chimera kuno ku South Africa chilipo chogulitsa, cha mapira, monga cha King Korn chimene anzathu amafululira mowa wa masese. Kumene kulibe, pitani m'sitolo ya amwenye mukafunse ragi yosagaya, ameneyo ndi mawere. Viikani usiku ndi usana umodzi, kutirani m'nsalu yonyowa pamalo pofunda kwa masiku atatu mpaka amere, yanikani aume gwa, n'kupera.

Masitolo a amwenyewa muwazolowere. Nandolo amene amatuluka m'minda ya ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu wambiri amagulitsidwa ku India, ndipo m'masitolo mwawo amamutcha toor. Anthu a ku Caribbean ku England amamutcha gungo peas, ndipo amapezeka wam'zitini, wouma, nthawi zina wamuwisi wa mufiriji youmitsa. Therere lobala, chinangwa ndi nthochi zophika zimapezekanso m'masitolo omwewo. Kuno ku Johannesburg msika wa ku Yeoville ndiwo woyamba kufikako: amayi a ku Zimbabwe amagulitsa nkhwani umene amautcha muboora, a ku Congo amagulitsa chigwada chosinjasinja. Ndipo mukamamwa tiyi m'mawa dziwani kuti South Africa ndi Britain ndiwo amagula tiyi wambiri wa ku Malawi n'kumusakaniza ndi wina. Masamba ena m'kapu mwanumo akhoza kukhala othyoledwa ndi anthu a kwanu konko ku Satemwa, Conforzi kapena Makwasa.

Katundu wochokera kumudzi

Tonse a kuno ku Joni timadikira chikwama chobwera pa basi kudzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge. Uzani achibale atumize zouma ndi zomata bwino: mfutso, ufa, usipa, nandolo wouma, tiyi wa m'paketi. Zaziwisi zimaola panjira ya masiku awiri, ndiponso mbewu, zomera ndi zipatso zimafuna chilolezo polowa m'dziko la eni. Ku Britain nyama ndi za mkaka zochokera kwathu n'zoletsedwa kotheratu, ndipo mbewa zili m'gulu la nyama. Nsomba zouma zimaloledwa mpaka makilogalamu 20 pa munthu. Mbewu zodzala ndi masamba ambiri aawisi zimafuna chikalata chotsimikiza kuti zilibe matenda. Ife a pa Bvumbwe tili ndi mwayi chifukwa zikalata zoterozo zimaperekedwa ndi nthambi ya kafukufuku wa zaulimi, ndipo siteshoni yake imodzi ili pakhomo pathu pomwepo. Wachibale apite akafunse ndondomeko yake nthawi ikadalipo. Malamulo a pachipata amasintha, choncho aonedwe ulendo usanayambe. Kubisa nthanga m'sokosi musayese. Amene anaona nthochi za ku Thyolo zikutha ndi matenda a chisaka amadziwa chimene mbewu imodzi yodwala ingachite m'dziko.

Zinthu ziwiri zimene zimapha

Chimanga chowotcha chimafuna makala, ndipo mbaula yaing'ono ndi yotchipa. Iyatseni panja, ithere panja. Musailowetse m'chipinda, ngakhale makala atayaka mpaka kufiira, ngakhale kukuzizira bwanji. Utsi wake wakupha suoneka ndipo sununkha, umangogonetsa munthu osadzukanso. Chaka chilichonse m'miyezi yozizira kuno anthu amafa motero m'zipinda zotseka. Kumene moto wapanja ndi woletsedwa, wotchani chimanga pa chiwaya chachitsulo chouma, n'kumatembenuza.

Chachiwiri ndi bowa. Ku England amamera kwambiri mu Seputembala ndi Okutobala, nthawi yeniyeni imene mtima ukufuna za kumudzi. Musazule. Kuli bowa wakupha wotchedwa death cap amene ndi wa mtundu umodzi ndi ndelema wathu ndipo amafanana naye, makamaka akadali wamng'ono. Amapezekanso ku South Africa pansi pa mitengo yobwera ngati paini ndi oak. Kuphika sikuchotsa poizoni wake, ndipo amawononga chiwindi munthu akuyesa kuti wachira. Maso amene anganga anakuphunzitsani ndi a nkhalango za kwathu. Gulani bowa wa m'sitolo, mumutendere ndi nsinjiro.

Ikani dzanja lanu pa zokolola za kumudzi

Apa ndiye pamene kupukwa kwanga kunapepukira kwenikweni. Ku Thyolo minda ya mabanja ndi yaing'ono, malo ambiri abwino ali pansi pa tiyi ndi makademiya, ndipo chimanga chimene banja lakolola nthawi zambiri sichifika chaka. Komabe mu Epulo ndi Meyi mavenda amafika ndi sikelo zawo, mitengo ili pansi, ndipo anthu amagulitsa chifukwa akufuna fizi, sopo ndi mchere. Ikafika Januwale akugulanso chimanga chomwecho modula. Choncho ndalama imene mumatumiza pa Khirisimasi, gawaniko ina ifike kumayambiriro kwa Epulo. Kaya ndi pa Mukuru, Mama Money kapena njira ina yofikira pa Airtel Money kapena Mpamba, nenani momveka ntchito yake: “Amayi, iyi ndi ya fizi ndi zapakhomo, kuti chimanga chisagulitsidwe. Iyi ndi ya aganyu okolola ndi kutonola. Iyi ndi ya matumba.”

Matumba a PICS, a mapulasitiki awiri mkati ndi saka kunja, amasunga chimanga popanda mankhwala chifukwa anankafumbwe amafa posowa mpweya. Koma chimanga chiyenera kuuma kwenikweni, apo ayi chimachita chuku, ndipo chuku cha chimanga ndi mtedza chimadwalitsa chiwindi. Njira yoyesera ndi iyi: aike chimanga chodzaza dzanja m'botolo lagalasi louma, athiremo supuni ya mchere wouma, atseke, akhutchumule, adikire pang'ono. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chibwerere padzuwa. Chaka ngati cha 2023, pamene namondwe Freddy anakokolola minda mu Malichi chimanga chili pafupi kucha, ndalama ya matumba isanduke yogulira chimanga msanga mitengo isanakwere.

Ndipo imbani foni pa tsiku lokolola lenilenilo. Ku South Africa nthawi ndi imodzimodzi ndi kumudzi. Ku England mumatsalira ndi ola limodzi kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala, ndi maola awiri miyezi inayo. Tumizani ndalama ya bandulo dzulo lake, ndipo mupemphe mphwanu ayende ndi foni m'munda. Funsani mafunso a munthu wapakhomo: mikukwe yakwana ingati, munda wa kudimba wabereka bwanji, nandolo wachita maluwa kodi, dzungu la pachulu lija latuluka angati. Makolo amasangalala ndi mafunso otere kuposa “muli bwanji” wa masiku onse, chifukwa amaona kuti mwana wawo sanatchone.

Musadye nokha

Sankhani Loweruka kapena Lamulungu limodzi, kuno mu Epulo, ku England kumapeto kwa Seputembala. Itanani mabanja atatu kapena anayi, ndipo aliyense abwere ndi chake chosaphika: wina chimanga, wina maungu, wina mtedza wauwisi wowiritsa ndi makoko, wina mbatata ya futali. Ndikuti chosaphika chifukwa kukoma kwa tsikuli kuli pa kukhala pansi pamodzi n'kumasenda. Thobwa likhale litafululidwa dzana. Anansi a mitundu ina muwapatseko mbale, monga tikanachitira kwathu. Ngati mumapemphera ndi Amalawi anzanu, kambiranani ndi akulu a mpingo za tsiku la chopereka cha masika. Kumudzi anthu amasenza matumba ndi maungu kupita nazo kutchalitchi. Kuno zingakhale ufa, mafuta ndi nyemba zogula, n'kuzipereka kwa amene ntchito yawathera kapena amene angofika kumene.

Ana obadwira kuno apatseni ntchito, osati mbale yokha. Mwana wanga wamkazi anayamba kusadzula nkhwani ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ankathyola phesi, n'kukoka ulusi uja pang'onopang'ono, ukaduka n'kuyambiranso, zala zikumuyabwa ndi timinga. Tsiku limenelo tinaimbira agogo ake pa vidiyo kuti aone. Anayang'anitsitsa, n'kunena kuti, “Iwe, yambira kuphesi kutsikira kutsamba, usathamange.” Kenako anatembenuzira foni ku mphasa yawo, pamene panali patayanikidwa chitambe, n'kumufunsa mdzukulu wawo ngati akudziwa dzina la ndiwo imeneyo. Sanadziwe. Anamuuza, iye n'kubwereza kawiri, ndipo Seputembala wotsatira tinagula ndowa yachiwiri n'kufesamo khobwe.